Galimoto Ikakana Kulira, Ikatentha Kapena Ikazima Panjira: Poyambira, Polekera, ndi Za Lamba

Magalimoto ang'onoang'ono ambiri amene ali pamsewu kuno, ma Vitz, Passo, Sienta, Probox, Demio, Note ndi Fit, anafika atagwirapo kale ntchito ku Japan. Ambiri amatsikira padoko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, ndipo kuyambira pamenepo amakumana ndi zimene kwawo sanazizolowere: fumbi la m'chilimwe, dzuwa la Okutobala, maenje, petulo wa m'zigubu, komanso eni ake amene amakumbukira galaja galimoto ikaima. N'chifukwa chake madandaulo ake ndi omweomwewo chaka ndi chaka.

Vuto loyamba lenilenilo kawirikawiri limakhala laling'ono. Payipi ya madzi ikang'aluka, injini siifa pomwepo. Imafa pa makilomita 5 amene dalaivala amawonjezera nyali yofiira itayaka kale, akuti "ndingofika pa Zalewa." Choncho pachizindikiro chilichonse m'munsimu, zoyambitsa zayalidwa kuyambira chimene chimapezeka kawirikawiri kufikira chosowa, ndipo ndanenanso pamene muyenera kuchotsapo manja n'kuimbira makaniko.

Musanatsegule boneti

- Imani pamalo athyathyathya, kokani handibuleki, ikani giya pa P kapena pa fili.
- Fani ya magetsi imatha kuzungulira yokha. Zala, tayi ndi chitenje zikhale kutali nayo.
- Ngati galimoto ndi hybrid (yoyendera petulo ndi magetsi), monga Aqua kapena Prius, mawaya alalanje musawakhudze. Muli magetsi oposa mavoti 100, okwanira kupha munthu.

1. Mwapotoza kiyi, kuli zii, kapena mukungomva "tiki-tiki-tiki"

Yatsani nyali zakutsogolo, wina aime kutsogolo akuziona, inu mupotoze kiyi. Zikafooka kwambiri kapena kuzimiratu, nkhani ndi ya batire kapena mitu yake. Zikangowalabe chimodzimodzi, yang'anani kwina.

1. Batire latha mphamvu. Batire labwino, galimoto itagona, limaonetsa mavoti 12.6 pa mita yoyezera magetsi. Likatsika pansi pa 12.0 ndiye kuti latheratu. Mukailiza ndi thandizo la galimoto ina, yezaninso injini ikuyenda: payenera kuoneka pakati pa 13.8 ndi 14.5. Zikakhala pa 12 pomwepo, alitaneta siikutchaja, ndipo ngakhale batire latsopano lidzatha m'masiku owerengeka.
2. Mitu ya batire yakhwepa kapena yamera ufa woyera. Igwedezeni ndi dzanja. Ikasuntha, ichotseni kuyambira wa minasi, itsukeni ndi madzi ofunda osakaniza soda, ikwecheni mpaka chitsulo chiwale, n'kumanga zolimba.
3. Giya kapena kiyi. Galimoto ya otomatiki siilira ngati giya siinakhale bwino pa P. Pondani buleki, yesani pa N. Ngati ndi yodina batani, kabatire ka m'kiyi kangakhale katatha. Gunditsani kiyiyo pabatanipo n'kudina.
4. Sitata. Kumveka "khwa" kamodzi, nyali zikuwalabe. Kuigogoda ndi sipanala kumatha kukupulumutsani tsiku limenelo, koma mabulashi ake ndiye atha, ikakonzedwe.
5. Injini yagwirana. Sizichitikachitika, koma ngati galimoto inazima m'madzi kapena nyali ya oyilo itayaka, musaikakamize.

Polumikiza mawaya othandizira: wofiira pa pulasi ya batire lakufa, mbali inayo pa pulasi ya lamoyo, wakuda pa minasi ya lamoyo, mbali yotsala pachitsulo cha injini ya galimoto yakufayo. Mukasokoneza pulasi ndi minasi, fyuzi yaikulu imapsa, mwinanso kompyuta.

Pali chizolowezi chimodzi chakale chimene chiyenera kutha: kuchotsa mutu wa batire injini ikulira pofuna kuona ngati alitaneta ikutchaja, kapena posinthana mabatire. Pa galimoto za kabureta zinkatheka. Pa zamasiku ano magetsi amalumpha n'kuwotcha kompyuta ya injini, imene mtengo wake ndi wa mabatire angapo. Ndipo ya otomatiki siikankhidwa kuti ilire, kaya anyamata akhale khumi.

2. Sitata ikuzungulira bwino koma injini siikugwira

Musaipotokole kopitirira masekondi 10 nthawi imodzi. Sitata imatentha, batire limatha, n'kukhala ndi mavuto awiri m'malo mwa limodzi.

1. Mafuta atha. Geji imanama, makamaka galimoto itaima pamtunda. Thirani malita 5 musanaganize zina.
2. Pampu ya mafuta kapena fyuzi yake. Pa galimoto zambiri, mukapotoza kiyi kufika pa ON, pampu imang'ung'uza masekondi awiri pansi pa mpando wakumbuyo. Ma Toyota ena pampu imayamba pokhapokha sitata ikuzungulira, ndiye wina amvetsere pakamwa pa thanki inu mukuliza. Onaninso fyuzi yolembedwa EFI. Pampu imeneyi imazizira ndi petulo amene yamiramo, ndiye amene amayendera "ya faifi sauzande" tsiku lililonse, thanki ili pansi, amaisintha pafupipafupi.
3. Mafuta oipa. Ngati vuto layamba mutangothira wa m'chigubu, ganizirani madzi, parafini kapena zinyalala. Mankhwala ake ndi kukhuthula thanki basi.
4. Kiyi sakuzindikirika. Kanyali ka chithunzi cha kiyi kamaphethira mofulumira. Yesani kiyi wachiwiri.
5. Sensa ya crank, imene imauza kompyuta mmene injini ikuzungulirira. Khalidwe lake ndi lodziwika: galimoto imazima ikatentha, n'kulira bwinobwino ikapuma theka la ola.
6. Lamba wa timing, wogwirizanitsa kayendedwe ka mavalavu ndi mapisitoni, waduka. Sitata imamveka yopepuka ndi yothamanga kuposa masiku onse. Lekani pomwepo, chifukwa pa injini zina mavalavu amagundana ndi mapisitoni. Injini ngati 1NZ ndi 1KR zili ndi tcheni, koma zakale monga 5A ndi 4E ndi za lamba, amene ambiri amasintha pa makilomita 100,000.

Pa dizilo onjezani ziwiri. Mafuta akathera panjira, m'mapayipi mumalowa mpweya, ndipo muyenera kupopa kapampu ka pamwamba pa fyuluta mpaka kalimbe. Ndipo ikamavuta m'mawa wa Juni kapena Julayi ku Dedza ndi ku Mzuzu koma masana n'kumalira msanga, mapulagi otenthetsa ndiwo afa.

3. Injini ikutentha

Apa ndi pamene pamathera injini zambiri, ndiye tichedwepo pang'ono. Magalimoto ang'onoang'ono ambiri alibe geji ya kutentha. Ali ndi kanyali kabuluu kosonyeza kuti injini ikadali yozizira, ndi kofiira kosonyeza kuti yapsa kale. Palibe chenjezo lapakati. Kofiirako kakayaka kapena kuphethira:

- Zimitsani AC, tsegulani hita mpaka kumapeto kuti ichotseko moto, patukani pamalo oyamba otetezeka, zimitsani injini.
- Dikirani mphindi 30 kapena kuposa. Chivindikiro cha rediyeta chimasunga madzi ali opanikizika, ndipo madzi ake amakhala otentha kuposa owira pamoto. Mukatsegula msanga amakulavulirani kumaso ndi pachifuwa.
- Musathire madzi ozizira m'injini yamoto. Mutu wa injini ndi wa aluminiyamu, umapindika kapena kung'aluka.

Nthawi imene ikutenthera imakuuzani zambiri. Ikamatentha pamzere wa mafuta kapena pathithikana wa magalimoto m'tauni, n'kuzizira mukangoyamba kuthamanga, ganizirani fani. Ikamatentha pokwera Chiweta, Khwekhwerere kapena pochokera ku Chikwawa kukwera ku Blantyre, koma m'tauni ili bwino, ganizirani rediyeta yotsekeka.

1. Madzi achepa chifukwa akudontha penapake. Madzi a m'injini sangotha okha. Yang'anani mapayipi, zomangira zake, ndi pulasitiki wa pamwamba pa rediyeta, amene akakalamba amasanduka wofiirira n'kung'aluka. Pamene pakudontha pamasiya mzere wouma woyera kapena wapinki.
2. Fani siikuzungulira. Injini ikulira, yatsani AC. Fani iyenera kuyamba. Ikapanda kutero, onani fyuzi, kenako rilei, kenako mota.
3. Rediyeta yatsekeka. Kunja imatsekeka ndi udzu, matope ndi tizilombo, makamaka pakati pa iyo ndi kondensa ya AC, pamene maso safika. M'kati imatsekeka ndi dzimbiri ndi miyala ya madzi a pamjigo. Madzi wamba ndi opulumukira tsiku la vuto; mukafika, akhuthulidwe n'kuthiramo coolant (madzi apadera oziziritsira injini) woyenera, osasakaniza mitundu.
4. Chivindikiro chatha. Labala wake akauma, madzi amawira msanga n'kuthawira m'kabotolo. Ndi chotchipa kuposa zonse pamndandandawu, koma anthu amachikumbukira pomaliza.
5. Thermostat, kavalavu kotsegulira madzi njira yopita ku rediyeta, yakanirira. Injini yapsa koma payipi imodzi yaikulu ya rediyeta ili yozizira.
6. Pampu ya madzi. Imalira, imadontha cha kumbali ya malamba.
7. Gasiketi ya mutu yapsa. Nthawi zambiri iyi ndi mwana wa zisanu ndi chimodzi zapamwambazi. Zizindikiro zake: thovu losatha m'rediyeta injini ikulira, payipi yolimba gwa injini itangolizidwa kumene, utsi woyera wosatha ku ekizozi, ndi oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka. Mukaona chimodzi mwa izi, ikokedwe.

Amakaniko ambiri, galimoto ikangofika kuchokera ku Japan, amati thermostat ichotsedwe chifukwa "ndi ya kumayiko ozizira." Ine sindigwirizana nazo. Ntchito yake ndi kusunga injini pa kutentha kumene inapangidwira, cha m'ma madigiri 80 mpaka 90. Ikachoka, injini imachedwa kufunda, kompyuta imaona ngati kukadali m'mawa n'kumathira petulo wambiri, ndipo chimene chinkatenthetsa galimotocho chimangobisala osachoka. Ngati yafa, gulani ina. Chimodzimodzi kulumikiza fani kuti izizungulira nthawi zonse, kapena kuthira dzira, fodya ndi ufa m'rediyeta kuti zitseke podontha. Zimatsekadi, pamodzi ndi timapayipi tonse ta rediyetayo.

4. Ikunjenjemera, ikudumphadumpha, ilibe mphamvu

1. Pulagi kapena koyilo. Injini zambiri zatsopano zili ndi koyilo imodzi pa silinda iliyonse. Makina opimira galimoto akanena kuti P0302, vuto lili pa silinda 2. Sinthanitsani koyilo ya 2 ndi ya 3. Nambala ikasamukira pa P0303, koyilo ndiyo yafa. Ikakhala pomwepo, onani pulagi kapena injekita. Vuto likayamba mutangochokera kotsukitsa, madzi alowa m'maenje a mapulagi. Auzeni anyamata asamalozetse payipi ya mphamvu pa injini.
2. Fyuluta ya mpweya yadzaza fumbi. Iyang'anitseni kudzuwa. Kuwala kukapanda kudutsa, sinthani. Amene amayenda misewu yafumbi asadikire sevisi.
3. Sensa ya mpweya kapena throttle (kachitseko ka mpweya wolowa mu injini) zada. Galimoto imafuna kuzima pa maloboti kapena mukayatsa AC. Sensayi ili ndi kawaya kopyapyala kwambiri, kotsukidwa ndi mankhwala ake okha, osaikhudza ndi nsalu.
4. Payipi ya mpweya yang'aluka. Mumamva kutsonya, ndipo makina amaonetsa P0171.
5. Pampu ya mafuta yafooka. M'tauni ili bwino, pamtunda kapena popitirira galimoto ina imabanika.
6. Catalytic converter, yoyeretsa utsi mu ekizozi, yatsekeka. Mumaponda koma liwiro silikwera, pansi pa galimoto pamatentha kwambiri.

Ngati ikungonjenjemera mutaima pa D koma mphamvu ilipo, mwina ndi malabala okhalira injini. Ndipo injini ya masilinda atatu ya Passo kapena Vitz ya 1.0 imanjenjemerako mwachibadwa, musathe ndalama pofuna kuichiritsa.

Nyali ya check engine ikangoyaka osaphethira, galimoto ikuyenda bwino, mutha kufika kunyumba n'kukaipimitsa sabata yomweyo. Ikamaphethira, petulo wosapsa akupita ku ekizozi kukawotcha catalytic converter: chepetsani liwiro, imani msanga. Wopima akuuzeni nambala yake, muilembe. Kungoifufuta kuti nyali izime si kukonza ayi. Dziwaninso kuti magalimoto ena akale opangidwira msika wa ku Japan salankhulana ndi timakina totchipa, ndiye "sikakuwerenga" sizitanthauza kuti palibe vuto. Pogula galimoto, potozani kiyi pa ON muone ngati nyali ya check engine, ya oyilo ndi ya airbag (chikwama cha mpweya choteteza pangozi) zonse zikuyaka kaye. Yosayaka ndiye kuti mwina wina anaichotsa babu kapena kuimata.

5. Nyali yofiira ya oyilo, nyali ya batire, ndi utsi

Nyali ya oyilo siikutanthauza kuti "mudzathire mukafika." Ikutanthauza kuti oyilo sakufika ku mabeyaringi panopa. Zimitsani injini nthawi yomweyo.

1. Oyilo wachepa. Dikirani mphindi 5, solani ndodo yoyezera, pukutani, bwezerani, solaninso. Pakati pa madontho awiri a pandodoyo pamalowa pafupifupi lita imodzi. Suzumirani pansi: mwala ungakhale utaboola sampu, beseni la oyilo la pansi pa injini.
2. Sefa ya m'sampu yatsekeka ndi phala la oyilo wakale. Izi ndi za amene amadumphitsa sevisi. Pa misewu yathu, makilomita 5,000 ndi muyeso wabwino.
3. Sensa yafa. Zimachitika, koma atsimikize ndi makaniko poyeza ndi geji, osati inu poganiza.
4. Pampu ya oyilo kapena mabeyaringi atha. Mumamva kugogoda kolemera kumene kumakula mukaponda.

Mwathira oyilo koma nyali siikuzima? Musailizenso. Kunena za oyilo, wokhuthala wa 20W-50 si wa galimoto iliyonse. Injini za Toyota zolembedwa VVT-i zili ndi timabowo ting'onoting'ono tofuna oyilo wopyapyala monga 5W-30, malinga ndi buku la galimotoyo.

Nyali ya batire ikayaka mukuyenda, imani muone lamba wa alitaneta. Pa injini zambiri lamba yemweyo amayendetsanso pampu ya madzi, ndiye akaduka kutentha kumatsatira m'mphindi zochepa.

Utsi wabuluu ndi oyilo amene akupsa, wakuda ndi mafuta ochuluka kuposa mpweya, woyera wosatha ndi madzi. Kanthunzi ka m'mawa kotha injini ikafunda si vuto.

6. Yazima muli paliwiro

Zoyambitsa zake ndi zija tatchula kale: mafuta, pampu, sensa ya crank, mutu wa batire wokhwepa, alitaneta. Chofunika apa ndi masekondi oyambirira. Injini ikazima, chiwongolero chimalemera, ndipo buleki imatsala ndi thandizo loponda kawiri kapena katatu basi, kenako imalimba gwa.

- Yatsani mahazadi, gwirani chiwongolero ndi manja awiri. Chikukhotabe, chikungofuna mphamvu.
- Pondani buleki kamodzi, mokhazikika, osapopa.
- Kiyi musamubweze mpaka pa LOCK, chiwongolero chingakhomeke.
- Mukaima, onse atuluke aime kutali ndi msewu. Matrayango ayikidwe patali, cha m'ma mamita 50, osati pabampala. Nthambi za mitengo usiku sizioneka.

Ikazimira m'madzi osefukira nthawi ya dzinja, musayese kuiliza. Madzi sapanikizika, ndipo akalowa m'silinda amapinda ndodo za mapisitoni. Makaniko achotse kaye mapulagi.

Amene amazimitsa dala injini pamtsetse kuti apulumutse mafuta akudzipangira okha vuto lomweli, atanyamula anthu.

7. Lamba wa pampando: mmene amagwirira ntchito

Zonse zapamwambazi zikalephereka, tayala likaphulika, kapena mbuzi ikadumphira mumsewu, chotsala ndi lamba. Galimoto yoyenda makilomita 50 pa ola imadutsa pafupifupi mamita 14 pa sekondi iliyonse. Ikagunda mtengo imaima, koma thupi lanu limapitirira ndi liwiro lomwelo mpaka litapeza choliimitsa: chiwongolero, galasi, kapena mnzanu wakutsogolo. Kugunda kwake n'kofanana ndi kugwa kuchokera pamtunda wa mamita pafupifupi 10. Palibe mkono umene ungatchinjirize zimenezo, ndipo 50 ndi liwiro la m'tauni chabe.

Lamba wodutsa paphewa ndi m'chiuno anamupanga Nils Bohlin wa kampani ya Volvo mu 1959, ndipo kampaniyo inalola kuti opanga magalimoto ena onse amugwiritse ntchito. Amachita zinthu zingapo nthawi imodzi. Amakusungani m'kati, chifukwa oponyedwa kunja ndiwo amafa kwambiri, makamaka galimoto ikagubuduzika. Amapereka mphamvu ya ngoziyo ku mafupa olimba a m'chiuno ndi pachifuwa, osati pamimba kapena pamutu. Amatamuka pang'ono kuti thupi liime mwapang'onopang'ono pamodzi ndi galimoto imene ikuphwanyika kutsogolo. Pa magalimoto atsopano muli pretensioner, kachipangizo kokhala ndi onga pang'ono kamene kamakoka lamba n'kumuthinitsa ngozi ikangoyamba. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati kumanga lamba kumachepetsa chiopsezo cha imfa mpaka ndi theka.

Airbag inapangidwa kuti igwire munthu womanga lamba. Imafufuma mwamphamvu m'kanthawi kochepa kuposa kuphethira, ndipo wosamanga amakumana nayo ikadali pofufuma. Wokhala kumbuyo wosamanga naye amauluka n'kudzaphwanya wakutsogolo amene anamanga bwinobwino.

Kamangidwe koyenera:

- Wam'munsi adutse pamafupa a m'chiuno, wam'mwamba pakati pa phewa, osati kukhwapa kapena kumsana.
- Mayi woyembekezera amange ndithu: wam'munsi pansi pa mimba, wam'mwamba pakati pa mabere.
- Mwana wa pamiyendo sagwirika pangozi. Kumanga lamba mmodzi mayi ndi mwana n'koipa kuposa, chifukwa thupi la mayi limapanikiza mwanayo.
- Mwana wosafika masentimita pafupifupi 135 amafuna mpando wake kapena chokwezera, apo ayi lamba amamudutsa pakhosi ndi pamimba. Mpando wa khanda woyang'ana kumbuyo usaikidwe kutsogolo kumene kuli airbag.

Ambiri timamanga tikaona apolisi apamsewu patsogolo, n'kumasula tikangowadutsa. Ena amamangira lamba kumsana kwa mpando kapena kugula kachitsulo kolowetsa kuti belu likhale chete. N'chimodzimodzi ndi kuchotsa babu ya check engine kuja.

8. Lamba akavuta

*Sakusololoka*

1. Mwakoka mwamphamvu, kapena galimoto yaima popendekeka. M'kati muli kampira kachitsulo kamene kamakhoma galimoto ikapendama kapena ikaima mwadzidzidzi. Mubwezereni pang'ono, kokani mofatsa.
2. Wapotana pakachitsulo ka paphewa. Muwongoleni.
3. Malamba ena akumbuyo akasololedwa mpaka kumapeto amakhoma dala kuti agwire mpando wa mwana. Mulekeni abwerere yense, amasuka.
4. Pretensioner inaphulika kale pangozi. Lamba amakhala wolimba osasuntha. Ameneyo watha ntchito.

*Sakubwerera, amangolendewera pachitseko*

1. Litsiro. Thukuta, mafuta odzola ndi fumbi zimamulimbitsa. Musololeni yense, panani ndi chopanira zovala kuti asabwerere, mviikeni m'beseni la madzi ofunda a sopo wamba, tsukuluzani, aume bwinobwino musanamubwezere. Pukutaninso kachitsulo ka paphewa, pamakhala litsiro lakuda lomata. Jiki, petulo ndi thina zimafooketsa ulusi.
2. Wapindika m'kati mwa pulasitiki wa m'mbali.
3. Sipuling'i yatopa. Musatsegule chivindikiro chake, imafwamphuka. Sinthani chonsecho.

*Sakulowa kapena akumasuka yekha*

1. Mwalowetsa polakwika. Kumbuyo, wapakati amalembedwa CENTER.
2. Mwalowa zinthu: makoko a mtedza, kandalama, zinyenyeswazi za bisiketi, zakumwa zotayikira. Walitsani ndi tochi, tulutsani, upirani mpweya. Girizi musathiremo.
3. Ngati sakumveka "khethe," kapena akutuluka mukakoka mwamphamvu, chokolekeracho chisinthidwe. Sichikonzedwa.

*Belu silikusiya kulira*

Chotsani chikwama pampando wa kutsogolo, chifukwa pali sensa yomva kulemera. Zikapitirira, ndi kaswitchi ka m'chokolekera kapena waya wa pansi pa mpando.

*Nyali ya airbag kapena SRS siikuzima*

Kawirikawiri ndi cholumikizira cha pansi pa mpando chimene chakhwepa posuntha mpandowo kapena pokankhirako katundu. Chotsatira ndi waya wozungulira wa m'chiwongolero, ndipo ukaduka hutala nayonso imatha kuleka kulira. Nyali imeneyi ikayaka, airbag ndi pretensioner mwina sizigwira ntchito pangozi. Apa polekera ndi pomwepa: mawaya ndi zolumikizira zachikasu musazipime ndi mita kapena babu, zingakuphulikireni. Pitani kwa wamagetsi amene ali ndi makina owerenga SRS, ndipo mukanitsitse akafuna kungoikapo resistor, kachipangizo konamiza kompyuta, kuti nyali izime. Magalimoto ambiri a ku Japan anaitanidwanso ndi makampani awo kuti akakonzedwe chifukwa cha ma airbag a Takata amene ankaphulika n'kumwaza tizitsulo, ndiye ndi bwino kufufuza nambala ya chasisi yanu patsamba la pa intaneti la kampani imene inapanga galimotoyo.

*Wanyotsoka, wadulidwa, kapena anagwirapo munthu pangozi yaikulu*

Ameneyo asinthidwe. Osapita naye kwa telala kapena kwa wosoka nsapato, osamanga mfundo, osaboola pokhomera pena. Ulusi wake ukatamuka kamodzi pangozi subwereranso, ngakhale ukuoneka bwino.

Kumuyesa lamba n'kosavuta, ndipo chitani pampando uliwonse, kuphatikizapo akumbuyo amene zokolekera zake zimamira pansi pa khushoni: musololeni yense muone m'mphepete monse, mulekeni abwerere yekha, mutsomphoneni mwamphamvu muone ngati akhoma, mulowetseni n'kukoka. Mukamagula wakale kwa ogulitsa zipangizo za magalimoto ophwasulidwa, akhale wa mtundu womwewo wa galimoto ndi mbali yomweyo, wokhala ndi kachikwangwani kake kosokedwa kumunsi, wosalimba kapena kuwala ngati wapsa pamene amadutsa pakachitsulo, ndipo cholumikizira chake chachikasu chikhale chosasungunuka. Funsani kuona galimoto imene achotsamo. Ngati ma airbag ake ali panja, musiyeni.